MILAMBE YA KU LUANGWA: MAKOLO TIKUWAONA, NANGA ANA ALI KUTI?

Aliyense amene anayendapo pa mseu wocokela ku Chipata kupita ku Mfuwe adziwa kuti munthu akangotsika mapili ndi kulowa m'cigwa, mphepo imasintha, kutentha kumakula, ndipo milambe imayamba kuoneka m'minda ndi m'mbali mwa midzi. Kwa ife amene tinakulila pafupi nayo, mlambe ndi mtengo wamba. Ndi pamene ana amagenda malambe, pamene mbuzi zimausa masana, ndiponso pamene anyakwawa amaweluzila milandu. Koma tsidya lina la mtsinje wa Luangwa, m'makampu ogonamo alendo odzaona nyama, mtengo womwewo ndi cuma. Anthu amakwela ndeke kucokela ku Ulaya ndi ku America, nalipila ndalama zambili kuti aime pansi pake dzuwa likamalowa ndi kuujambula njobvu zikudutsa.

Lelo tifuna tikambilane za mtengo umenewu, za makampu amene amati amasamala cilengedwe, ndi za mlimi wokhala nawo pafupi. Funso limene tiyambe nalo ndi lakuti: milambe ikuluikulu tonse timaiona, koma ndani wa ife anaona mlambe waung'ono caka cino?

Zinayamba ndi mfumu

Ambili amaganiza kuti zoonetsa nyama kwa alendo zinabwela ndi makampani a masiku ano, koma nkhaniyi inayambila kwa mfumu ya Akunda. Mu 1950, Mfumu Yaikulu Nsefu inagwilizana ndi a Norman Carr, amene panthawiyo anali kugwila nchito yoyang'anila nyama m'boma la atsamunda, kuti ipatule cigawo ca dziko lake cikhale cosungilamo nyama. Pamalopo panamangidwa kampu ya Nsefu, ndipo pangano linali lakuti ndalama za alendo zizibwelela kwa eni dziko. A Carr, amene anamwalila mu 1997, ndiwo anachukitsanso zoyenda pansi ndi alendo m'thengo m'malo mongowazungulitsa pa galimoto.

Mu 1972 boma linakhazikitsa paki ya South Luangwa, imene kukula kwake ndi masikweya kilomita 9,050. M'cigwa cimeneci muli nyamalikiti wochedwa Thornicroft amene kwawo ndi kuno kokha, nyumbu yochedwa Cookson, mvuu zodzaza mtsinje, anyalugwe, mikango, njati ndi mimbulu. Kum'mawa kwa mtsinje kuli dela la Lupande, kumene anthu amakhala ndi kulima pamodzi ndi nyama, pansi pa mafumu Nsefu, Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Malama ndi Msoro. Tikumbukile bwino mfundo iyi, kuti pangano loyamba linali lakuti nyama zisungidwe ndipo mwini dziko adyepo.

Kodi kampu yosamala cilengedwe ndi yotani?

Pafupifupi kampu iliyonse masiku ano imadzicha yosamala cilengedwe, conco ndi bwino owelenga athu adziwe zimene mau amenewa amatanthauza. Makampu ang'onoang'ono a m'kati mwa thengo amamangidwa ndi udzu, bango ndi mitengo yocepa, ndipo amalandila alendo owelengeka, kawilikawili osapitilila khumi. Ambili amatsegulidwa ca m'ma Meyi kapena Juni, natsekedwa mvula ikayandikila mu Okutobala kapena Novembala, pakuti mtsinje ukadzaza miseu imatsekeka. Ena amaphwasulidwa caka ndi caka kuti nthaka ipume, ndipo kumanganso kwake kumapatsa nchito anthu a m'midzi odziwa kumweta udzu, kuluka ndi kufolela.

Makampu otele amagwilitsila nchito malaiti a sola m'malo mwa injini zaphokoso, amatulutsa zinyalala kunja kwa paki, ndipo nyumba amazimanga mozungulila mitengo osaidula. Alendo akamayenda pansi amatsogoleledwa ndi wolondolela amene anakhoza mayeso ake, pamodzi ndi msikauti wa mfuti. Nyama nazo zimapatsidwa njila. Pa Mfuwe Lodge pali banja la njobvu limene kwa zaka zambili limalowa pakhomo lolandilila alendo ca m'ma Novembala, kupita kukadya zipatso za mtengo wa mtondo umene uli kuseli kwa nyumbayo. Eni malo sanatseke njilayo, ndipo zithunzi za njobvuzo zazungulila dziko lonse lapansi.

Zonsezi ndi zabwino ndipo tiziyamikila. Koma udzu ndi sola pazokha sizikwanila. Kampu ingakhale yaudongo m'kati mwa mpanda wake pamene mitengo ya kunja ikutha, ndipo mnansi wake akugona ndi njala.

Mtengo umodzi, mudzi wathunthu

Cimene cimacititsa kuti mlambe ukhale wofunika pa kampu si kukula kwake kokha. Mtengo umodzi umasunga zamoyo zambili. Maluwa ake oyela amatuluka mvula ikayandikila, amatseguka madzulo, ndipo pofika tsiku lotsatila afota kale. Usiku umodzi umenewo mileme yodya zipatso ndi agulugufe akuluakulu a usiku amabwela kudzamwa timadzi take, ndipo potelo amanyamula mungu kucoka pa mtengo wina kupita pa wina. Popanda tizilombo timeneti malambe sangabale bwino. Maluwa akagwa, nswala ndi mbawala zimawatola m'mawa.

M'mphako zake mumakhala njuci, akadzidzi, abuluzi ndi mileme. Nungu ndi njili zimabisala m'mapanga a kumizu, ankhwele amathyola malambe, ndipo ziombankhanga zimamanga zisa pamwamba. Wolondolela alendo wodziwa nchito yake angathe kuima pansi pa mlambe umodzi ola lathunthu akufotokoza, osasowa conena.

Thunthu la mlambe si lolimba ngati la mukwa kapena mlombwa. Ndi lofewa ngati cinkhupule ndipo limasunga madzi ambili, n'cifukwa cake mtengowu umapilila m'malo otentha monga Luangwa, Gwembe, Siavonga ndi Chirundu. Ulinso ndi mphamvu imene mitengo yambili ilibe. Mtengo wina ukausenda khungwa kuzungulila umauma, koma mlambe umamelanso khungwa latsopano. Makolo athu anali kusenda luzi lopangila zingwe ndi maukonde, mtengo n'kukhalabe moyo. Mbili ya dziko lathu nayo ili ndi milambe m'kati. Malo ochuka a Ing'ombe Ilede kufupi ndi Lusitu, kumene mu 1960 kunapezeka manda akale okhala ndi mikanda ya golide ndi mkuwa, anachedwa dzinalo cifukwa ca mlambe wogona pansi wooneka ngati ng'ombe.

Njobvu imabzala, njobvu imagwetsa

Pakati pa mlambe ndi njobvu pali cibale cobvuta. Njobvu ikadya malambe imayenda mtunda wautali, ndipo njele zimatulukila kutali m'ndowe, zitafewa ndiponso zili ndi manyowa ake. Motelo njobvu ndi mlimi wa milambe. Koma m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, udzu ukauma ndipo madambo akaphwa, njobvu yomweyo imabaya thunthu ndi minyanga, kung'amba khungwa ndi kudya zam'kati zonyowa. Ikatelo kamodzi, bala limapola. Zikabwela caka ndi caka pa mtengo umodzi, thunthu limaonda pakati mpaka mtengo umagwa. Mlambe ukagwa susiya matabwa. M'miyezi yocepa umasanduka mulu wa ulusi, ndipo mtengo wa zaka mazana umatha ngati sunakhaleko.

Bvuto ili si lacilendo m'cigwa. M'zaka za m'ma 1960 njobvu zinaculuka kwambili moti boma linayamba kuphako zina, ndipo nyama yake inali kukonzedwa ku butchala imene inamangidwa ku Kakumbi. Mu 1976 katswili wina, a Graeme Caughley, atapima milambe ndi mitengo ya tsanya, imene ena amati mupani, ya m'cigwa ca Luangwa, analemba kuti njobvu ndi mitengo zimasinthana. Njobvu zikaculuka mitengo imacepa, mitengo ikacepa njobvu zimacepa, kenako mitengo imabwelela, ndipo kuzungulila kumeneku kungatenge zaka pafupifupi 200.

Zimene zinatsatila sizinali za cilengedwe ai. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 opha nyama mozembela lamulo anapulula njobvu zikwizikwi cifukwa ca minyanga, kufikila malonda a minyanga pakati pa maiko ataletsedwa mu 1989. Cipembele cinathelatu, ndipo mu 1998 cinalengezedwa kuti kulibenso m'Zambia. Zimene zili ku North Luangwa lelo zinacita kubwela pa ndeke kucokela ku South Africa kuyambila mu 2003.

Masiku ano njobvu zimakonda kuunjikana pamene pali madzi ndi citetezo, ndiko kuti m'mbali mwa mtsinje ndi pafupi ndi makampu. Apa m'pamene eni makampu ali ndi udindo. Ku Zimbabwe, m'mapaki a Mana Pools ndi Gonarezhou, anthu akhala akukulunga mathunthu a milambe ndi waya wa sefa, kapena kuunjika miyala kuzungulila tsinde kuti njobvu isapeze popondela. Njila zimenezi sizipha njobvu ndipo sizidula kwambili. Kampu imene imadya ndalama cifukwa ca mthunzi wa mlambe iyenela kukhala yoyamba kuuteteza.

Nkhalamba zikugwa

Mu 2018 gulu la akatswili lotsogoleledwa ndi a Adrian Patrut a ku Romania linalengeza zimene linapeza litapima milambe yakale kwambili ya mu Africa kuyambila mu 2005. Pa milambe 13 yakale koposa, 9 inali itafa kapena mathunthu ake akale anali atagwa m'zaka 12 zokha. Pa milambe 6 yaikulu koposa, 5 inaona zomwezo. Mitengo imeneyi inali ku Zimbabwe, Namibia, South Africa, Botswana ndi kuno ku Zambia. Umodzi wa iyo, mlambe wa Panke ku Zimbabwe, unali ndi zaka zoposa 2,400. Wina wochuka wa Chapman ku Botswana unagwa mu Januwale 2016.

Akatswiliwo anaganizila kutentha ndi cilala. Anzao ena a ku South Africa, a Sarah Venter ndi a Ed Witkowski, anayankha mu 2024 kuti milambe yambili ikali yamphamvu ndipo yapyola kale m'zilala zoopsa, koma anachula njobvu ndi ziweto monga adani enieni m'madela ena. Kwa ife alimi mfundo yake ndi yapafupi. Nkhalamba kugwa si tsoka ngati pali adzukulu. Tsoka ndi pamene nkhalamba ikugwa ndipo pabwalo palibe mwana.

Mnansi wa kampu

Sitingakambe za nyama ndi kuiwala munthu amene amagona m'cilindo kuyambila Febuluwale mpaka kukolola. Njobvu imene mlendo amaijambula masana ndi yomweyo imaoloka mtsinje usiku ndi kutha munda wa cimanga, mpunga kapena mapila. Ikasowa cakudya m'thengo imagumula nkhokwe ngakhale nyumba. Mvuu zimadya madimba, ng'ona zimagwila asodzi ndi amai otunga madzi, mikango ndi afisi zimalowa m'makola. Pali mabanja ku Mambwe amene anaika malilo cifukwa ca nyama. M'caka ca cilala ca 2024, pamene pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti dziko lili pa tsoka, munthu ndi nyama anali kulimbilana madzi ndi cakudya cocepa comweco.

Lamulo la nyama la 2015, limene linathetsa ZAWA ndi kubweza nchitoyi m'manja mwa dipatimenti ya boma, silinaike dongosolo lolipila mlimi amene munda wake wadyedwa. Ndalama zolowela mu paki zimapita ku thumba la boma. Madela monga Lupande ali ndi makomiti osankhidwa ndi anthu, ochedwa CRB, amene amalandila gawo la ndalama za nyama, ndipo ndi udindo wa anthu onse kufunsa pa msonkhano kuti zinabwela zingati ndipo zinagwila nchito yanji.

Pali zabwino zimene zikucitika, ndipo tisazibise. Makampu ambili a ku Mfuwe amaonjezela kandalama pa usiku uliwonse umene mlendo wagona, kopita ku nchito zoteteza nyama ndi ku masukulu. Bungwe la Conservation South Luangwa, limene linayamba mu 2003, limacotsa misampha ya waya m'thengo, ndipo limathandiza alimi kuthamangitsa njobvu ndi tsabola ndi kumanga nkhokwe zolimba zochedwa felumbu zimene njobvu singagumule. COMACO, imene inayambanso mu 2003, imagula nshawa, mpunga, soya ndi uci kwa alimi amene apeleka mfuti ndi misampha, ndi kugulitsa zinthuzo ndi dzina la It's Wild! Makampu amagula tomato, lepu ndi kabichi ku madimba a ku Mfuwe, ndipo alemba nchito ophika, ocapa, oyendetsa magalimoto ndi olondolela alendo.

Komabe muyeso wathu ukhale uja wa Mfumu Nsefu wa mu 1950. Kampu yosamala cilengedwe ndi imene milambe yake ili ndi ana, ndiponso imene mnansi wake amaona phindu la njobvu asanaone kuononga kwake.

Mlendo ndi mame

Akulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Tinaziona mu 2020 pamene matenda a Covid-19 anaimitsa ndeke, makampu anakhala opanda alendo, ndipo anchito ambili anabwelela kumudzi. Conco tisasunge milambe cifukwa ca mlendo yekha. Milambe yambili ya dziko lino siili m'paki, ili m'minda mwathu, ndipo phindu lake ndi lathu.

Ufa wa malambe uli ndi vitamini C wambili kuposa malalanje, ndipo ndi wabwino m'phala la ana ndi la odwala. Masamba anthete ndi thelele. Makoko ake akaochedwa amapeleka phulusa la cidulo, ndipo njele zimatulutsa mafuta odzola. Mu 2008 maiko a European Union analola kuti ufa wa malambe uzigulitsidwa kwao monga cakudya, ndipo America inatsatila mu 2009. Kuyambila pamenepo zipatso zimene zinali kuolela pansi zili ndi msika, kuonjezela pa mabuyu ogulitsidwa m'misika ya ku Lusaka ndi m'mbali mwa mseu wa Great East. Mtengo umenewu sufuna feteleza kapena mankhwala, ndipo umabala ngakhale caka cimene cimanga capsa.

Nanga n'cifukwa ciani ana ake saoneka? Coyamba, ambili a ife sitiwazindikila. Mlambe waukulu uli ndi tsamba logawikana ngati zala za dzanja, koma kamlambe kongomela kumene kali ndi tsamba limodzi losagawikana, ndipo kathunthu kake n'koonda ngati ka mtengo wina uliwonse. Motelo timakadula ndi khasu popalila. Caciwili, mbuzi ndi ng'ombe zimakadya, ndipo ankhwele amakazula kufuna muzu wake wonga mbatata. Cacitatu ndi moto wolusa wa mu Seputembala ndi Okutobala. Cacinai, tikathyola malambe onse kupita nawo ku msika, njele zimathela m'tauni.

Kubzala mlambe si kobvuta. Tsukani njele, muzikhule pang'ono pa mwala kapena kuzithila madzi otentha ndi kuzisiya zinyowe usiku wonse, pakuti cikopa cake n'colimba. Fesani m'timapepala ta mbande nyengo yotentha, ndipo muokele mvula ikakhazikika, pamalo osadikha madzi, kutali ndi nyumba ndi citsime cifukwa mizu yake imatambalala. Cacikulu ndi mpanda. Chingani ndi minga kapena njelwa mpaka mtengo utapitilila pamene mbuzi ndi ng'ombe zingafike, ndipo lambulani udzu kuzungulila moto usanayambe. Mukaona masamba ayoyoka m'cilimwe musazule, sunafe, ukungopuma. Mlambe wocokela ku njele umacedwa kubala, nthawi zina mpaka zaka 20, ngakhale kuti ku Mali akatswili anaonetsa kuti womezanitsa ndi nthambi ya mtengo wobala kale umabala patapita zaka zocepa. Masamba a ndiwo okha mungayambe kuthyola mtengo ukali waung'ono.

Pempho lathu

Kwa eni makampu tikuti, welengani milambe imene ili m'dela lanu, yaikulu ndi yaing'ono yomwe, tetezani imene njobvu zayamba kuibaya, ndipo thandizani masukulu oyandikana nanu kukhala ndi nazale. Mlendo amene walipila ulendo wa ndeke sangakane kulipilila mpanda wa mtengo umodzi.

Kwa mafumu ndi anyakwawa tikupempha kuti mlambe ukhale mtengo wosadulidwa ndi wosasonkhedwa moto patsinde, ndipo osenda luzi asende mbali imodzi ndi kuupatsa zaka zopola. Mwambo wa Malaila ukasonkhanitsa Akunda kwa Mfumu Yaikulu Nsefu, nkhani imeneyi ingakambidwe pamaso pa onse.

Kwa akhristu anzathu m'maparishi ndi m'miphakati tikuti, malo a chalichi ndiwo malo amene kawilikawili sagulitsidwa ndiponso salimidwa caka ndi caka, conco ndiwo oyenela mtengo wokhala zaka mazana. Buku la Genesis limatiuza kuti munthu anaikidwa m'munda kuti aulime ndi kuusunga, ndipo Papa Francis anakumbutsa dziko lonse za udindo womwewo m'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015. Mphakati uliwonse utabzala milambe iwili ndi kusankha banja loiyang'anila, nchitoyo singalemele munthu.

Kwa alimi anzathu tikuti, popalila caka cino yang'anitsitsani pansi, makamaka pafupi ndi milambe yakale ndi m'njila zodutsa njobvu. Mukapeza kamtengo ka tsamba limodzi ndi tsinde lotupa pang'ono pansi, imitsani khasu, kazikani cikhomo, ndipo muuze ana oweta mbuzi. M'mela n'poyamba. Amene anasiya milambe imene alendo akujambula lelo ku Luangwa sanadye malambe ake, koma ife tikudya, ndipo adzukulu athu adzafuna kupeza yao.